Funsani Makaniko: Starlet yakale pa mpikisano wa liwiro

Funso: A Mkonzi, ndili ndi Toyota Starlet ya 1982 imene anandisiyira malume anga, ndipo injini yake ya 4K idakali bwino. Ndimaonera pa YouTube mipikisano ya drag racing ya ku South Africa, kumene timagalimoto takale timasiya m'mbuyo magalimoto amakono. Makaniko wina ku Luwinga wandiuza kuti ndingoikamo turbo basi. Kodi ndiyambire pamenepo? Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Bambo, galimoto muli nayo yoyenera, koma turbo, chipangizo choonjezera mphamvu za injini, ibwere pomaliza. Starlet ya zaka za 1978 mpaka 1984 imakankhidwa ndi matayala akumbuyo ndipo kulemera kwake sikufika makilogalamu 800, n'chifukwa chake okonda mpikisanowu amaifunafuna kuposa ma Starlet amene anabwera pambuyo pake, okokedwa ndi matayala akutsogolo. Galimoto ikamanyamuka mwamphamvu kulemera kwake kumakankhikira kumbuyo, ndiye kuti yanuyo imatsindira matayala omwewo amene akugwira ntchito.

Mpikisanowu umachitika pa msewu wowongoka wa mamita 402, magalimoto awiri kunyamukira poima, ndipo kawirikawiri wopambana amadziwika m'mamita 18 oyambirira. Ngati matayala angozungulira pamalo amodzi n'kumafuka utsi, mphamvu zonse za injini zatayika. Choncho ndalama zoyamba zipite ku matayala akumbuyo otambalala ndi ofewa, ma shock absorber atsopano ndi mabuleki odalirika, pakuti mukadutsa mzere womaliza muyenera kuimanso. Kenaka chotsani mpando wakumbuyo, tayala lapadera, makapeti ndi zokuzira mawu. Ochita mpikisanowu amawerengera kuti makilogalamu 45 alionse ochotsedwa amadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo ntchito imeneyi siifuna ndalama.

Makaniko wanu sanalakwitse zonse. Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake poyerekeza ndi ya m'mphepete mwa nyanjayo. Turbo imabwezeretsa mphamvuzo poumiriza mpweya wambiri kulowa m'masilinda. Vuto n'lakuti 4K ndi injini ya 1.3 lita yoyendera kabyuleta, ndipo mukaonjezera mpweya osaonjezera petulo mwa muyeso wake, komanso osabweza m'mbuyo nthawi yothetheka mapulagi, injini imayamba kugogoda, mapisitoni amatentha mpaka kubooka, ndipo zimenezi zingachitike pa ulendo umodzi wokha.

Ine ndingakulangizeni kufunafuna injini ya Toyota 4A-GE, ya 1.6 lita ndi mavavu 16, imene imatulutsa mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri za 4K popanda turbo. Yochokera mu Corolla AE86 ndiyo yosavuta chifukwa nayonso inali yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, pamene yochokera m'galimoto yokoka ndi akutsogolo imafuna kusintha mapaipi a madzi ndi zina zambiri. Mugule pamodzi ndi mawaya ake onse ndi kompyuta yake, chifukwa kusakasaka zimenezi payekhapayekha kumadya ndalama kuposa mmene ambiri amaganizira.

Mphamvu zikachuluka, chofooka chimasamukira kwina. Kilatchi imayamba kuterereka, giyabokosi imatha mano, ndipo difu yaing'ono ya Starlet, imene imagawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, imathyola mashafuti. Ambiri amaikamo difu ya Hilux yofupikitsidwa. Ena amawotcherera difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi, koma ndi mvula ya ku Mzuzu galimoto yotere imatembenuka mosayembekezeka pokhota, choncho musaiyendetse m'tauni.

Mukasintha injini, kalembetseni nambala yatsopanoyo ku Road Traffic ndipo adziwitseni a inshuwalansi. Msewu wa M1 si bwalo la mpikisano, ngakhale usiku, pakuti a kabaza ndi oyenda pansi amakhalamo nthawi zonse. Zimene mumaonerazo zimachitikira m'mabwalo otchingidwa ngati Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp ku South Africa. Kuno mufunika malo otsekedwa ndi chilolezo cha apolisi ndi khonsolo, ndipo musalowe m'galimotomo popanda chisoti, malamba olimba, chozimira moto ndi zitsulo zotchinjiriza denga kuti lisaphwanyike ikagubuduzika.