Chining'a chili ndi pochinenera

Mdzukulu wanga wina wa ku Ndirande wandilembera kuti wadzaza kope lonse ndi zining'a za Chingerezi zotola pa Facebook ndi YouTube, koma akazitulutsa kuntchito anzake amangoyang'anizana. Akuti, "Agogo, ndikulakwitsa pati?"

Mdzukulu wanga, kulowezako sunalakwe. Chingerezi mdziko muno ndi khasu, ngakhale satifiketi ya MSCE sapatsa munthu amene walephera Chingerezi. Vuto lako nlakuti ukudziwa tanthauzo la mawu koma sukudziwa ponenera pake.

Ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, mnyamata wina analowa mu ofesi kukapempha tchuthi cha maliro. Anaima chilili, chipewa kumanja, maso ali psuu ndi kulira, nkunena kuti, "Sir, my father has kicked the bucket." Bwana uja, mzungu, anangoti kukamwa yasa, osadziwa kuti apepese kapena aseke. Tanthauzo mnyamatayo sanaphonye, mawuwo amanenadi za imfa. Koma eni ake amawanena mwanthabwala, pocheza. Pa chisoni amati "passed away". Kodi iwe ungaime pa siwa nkunena kuti bambo ako afa? Timati atisiya, kapena atsogola. Kungoti wafa timanenera galu.

Mawu aja tinkawaimba mkalasi akuti "raining cats and dogs" ponena za chimvula champhamvu, asiye mkope momwemo. Ndamvera BBC zaka zosawerengeka, sindikumbukira wolengeza zanyengo akuwatchula.

Pamene ndikufuna utcherepo khutu ndi pa ulemu. Ife ulemu timaunyamula mkati mwa liwu. Ukati "ndipatseni" m'malo mwa "ndipatse", kachidutswa ka "ni" kaja kagwada kale m'malo mwako. Chingerezi chilibe zimenezo: mwana, mfumu, apongozi, onse ndi "you". Ndiye iwe ukatenga "ndipatseni" nkumuika m'Chingerezi, umatulutsa "give me", mtima wako uli myaa kuti walankhula mwaulemu, pamene womverayo akumva ngati ukumulamula. Iwo ulemu wawo amauika m'mawu ozungulira: "could I have", "would you mind", "I was wondering if". Timawu totere, tooneka topanda mchere, nditimene tidzakutsegulire makomo kuposa zining'a zonse za m'kope lakolo.

Dziwanso kuti Mngelezi sakonda kulasa pachindunji, ndipo apa timafanana naye ndithu. Akati "not bad", nthawi zambiri chinthucho chamusangalatsa. Akayamba ndi "with all due respect", konzeka, akukutsutsa.

Tsono chita chonchi. Ukamva chining'a pa wailesi kapena kwa mnzako wochidziwa bwino chinenerocho, usalembe tanthauzo lokha. Lembanso kuti wanena ndani, amauza yani, nkhope ili bwanji. Uchimve kawiri katatu usanachiyese, ndipo poyamba uchiyesere pa anzako, osati pa abwana kapena pa intavyu. Suja unaphunzirira momwemo kuti "kutaya madzi" si kukhuthula ndowa? Palibe anakulembera pa bolodi.

Chimodzi pa tsiku chakwana. Ukathira zitatu m'chiganizo chimodzi, anthu amasiya kumvera nkhani yako nkuyamba kuwerenga zining'azo.

Komanso wadula phazi, mwana iwe. Ubwere kuno kumudzi mwezi ukatha, kopelo utenge tidzalione limodzi. Koma pofika pakhomo usadzandipatse "hi" uli chiimire. Udzakhale pansi, tidzapatsane moni wathu.