Musadikire kuti ayambe kudwala

Mayi amene mwafunsa zoti muchite mwana wanu atameza mapiritsi, nyamukani pompano kupita naye kuchipatala, zinazi muwerengera m'njira. Zoti mwana wameza mapiritsi ambiri a paracetamol koma akusewera bwinobwino zisakupusitseni. Mankhwala amenewa ndi momwe amachitira: tsiku loyamba munthu amangomva nseru, mwinanso osamva kalikonse, uku chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete.

Mng'ono wanga dzino linamusautsa, ndiye ankangomeza awiriawiri ululu ukabwerera, n'kuwonjezeranso a chimfine omwe ali ndi paracetamol yemweyo. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 patsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a 500mg. Iye anapyola kutali. Alamu anga, odziyesa adokotala a pakhomo aja, akuti "mumwetseni mkaka agone, kuchipatala mukangotaya nthawi." Mpaka lero ndikawaona mtima umandiwira. Mkaka umachotsa poizoni kuyambira liti?

Pamene uthenga unkandipeza, mwana wa mayi anga anali akusanza osalekeza, atagwira kumanja pansi pa nthiti. Tafika kuchipatala, wolandira odwala sanadzutse n'komwe mutu. Akuti "akuyenda yekha ameneyu, khalani pamzere." Takhala pabenchipo ine ndikumuyang'ana, maso ayamba chikasu, manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Kenako ananditembenukira n'kundiitana dzina la malemu mayi athu, akufunsa ngati ndatseka chitseko. Sankandizindikira! Miyendo inandizizira. Ndinakuwa mpaka namwino wina anatuluka, atangoona mapaketi opanda kanthu m'manja mwanga anathamanga naye.

Anamuika diripi ya acetylcysteine, yomwe imateteza chiwindi ku paracetamol. Adokotala anatiuza mosabisa kuti imagwira bwino kwambiri ikaperekedwa maola 8 asanathe chimwereni mapiritsiwo. Ife tinali titadutsa kale pamenepo, komabe anamupatsa chifukwa ngakhale mochedwa imathandizako. Anapulumuka, koma anagonera m'chipatala nthawi yaitali akumuyeza magazi pafupipafupi.

Ndaona ena akukulangizani kuti mumupatse makala. Abale, makala a kuchipatala ndi opangidwa mwapadera, si a pambaula ayi, ndipo amathandiza makamaka ola loyamba lisanathe. Musamusanzitsenso dala mwanayo, masanzi akhoza kulowera m'mapapo. Chithandizo chimasiyana malinga ndi poizoni. Womwa mankhwala ena ophera tizilombo, amene amatulutsa dovu ndi thukuta, amabayidwa atropine. Wopyoza muyezo wa morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, mpaka kupuma movutikira amapatsidwa naloxone, koma mphamvu yake imatha msanga moti akhoza kukomokanso. Mankhwala ena a makoswe amafuna vitamin K. Poizoni wambiri alibe n'komwe chomuthetsa, madokotala amangothandiza munthu kupuma mpaka thupi litachotsa lokha. N'chifukwa chake paketi kapena botolo musalisiye, ndipo kumbukirani nthawi imene wamwera ndi kuchuluka kwa mapiritsi amene asowa.

Mukafika lankhulani modekha, musakangane ndi ogwira ntchito, amadziwa zimene akuchita. Mungonena kuti wamwa mankhwala opyola muyezo, nthawi yakuti. Koma akakulozerani benchi ngati uja anatichitira ife, musakhalepo.