Chitsikire basi, wayendako pansi?

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti chibwerere ku Joni sabata yatha sakupeza tulo, maganizo ali balalabalala, ndiye akufunsa ngati pali mankhwala oti amwe. Ngati mutu ukuwawa pita kuchipatala mwana wanga, koma ine ndikufunse kaye, chitsikire basi ija wayendako pansi?

Ndikudziwatu mmene mumachitira masiku ano. Masiku awiri uli pampando, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Mwanza, kutsika pa Wenela wakwera minibasi, pa siteji wa kabaza wakakutula pakhomo penipeni, kenako chitseko tseke foni mmanja. Thupi lafika inde koma mtima ukadali pa boda.

Ife pobwera ku migodi, a Kamuzu asanaletse za Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, mu 1974 ndege yonyamula anzathu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown ku Botswana, basi imatisiya pamsewu waukulu, kwinako unali ulendo wa ndawala sutikesi ili pamutu. Sindiiwala tsiku lomwe ndinavula nsapato zanga zatsopano pamtsinje wakwathu, kupinda buluku, madzi ozizira aja atangondikhudza mapazi misozi inangotsika yokha, ndipamene ndinadziwa kuti ndatulukadi mu mgodi ndili moyo. Mnjiramo aliyense amakuimika, mwabwera? kuli bwanji komwe mwachokera? ndiye umafika pakhomo utamva kale amene anatisiya, amene anakwatiwa, kumene mvula inavuta.

Koma chimene chikundidandaulitsa ndi kulonjera. Munthu ukabwera kuulendo mmawa mwake sumakhala, umayamba kwa amfumu, kenako khomo lililonse lomwe munagwa maliro iwe kulibe, kukapepesa. Umakhala pamphasa, chipewa mmanja, osathamangira kuyankhula, mwini nyumba nkuyamba yekha kufotokoza mmene matenda anayambira mpaka tsiku loika, ngakhale papita zaka ziwiri amafotokoza ngati ndi dzulo ndipo iwe umangomvera basi. Pano mumangolemba pepani pa WhatsApp nkuika kachithunzi ka manja, eti mwapepesa. Ayi ndithu, wofedwa amafuna aone fumbi kumapazi kwako.

Ndipo pakati pa khomo ndi khomo umakhala wekha mkanjira kodutsa kudimba, apo ndipomwe zinthu zimakhazikika, za ndalama zomwe sizinakwane, za abwana okulalatira, za anzako omwe wawasiya kumeneko, zimabwera chimodzichimodzi osati zonse pakamodzi ngati ukagona chagada usiku. Sikuti wadwala iwe, usaope, tonse tinabwerako choncho.

Mawa udzuke dzuwa lisanatenthe, foni uisiye pa chaja, uyambire kwa azakhali ako aja, bambo akunyumba kwawo anamwalira iwe uli konko ndipo mpaka lero sanakuone. Wa kabaza akakuimira umuuze apite. Usapite chimanjamanja, kapaketi ka shuga kakwana.