Lembani za magawo musanayatse maiki

Achimwene, pa album yanu ya oimba ambiriyo, musanayambe kujambula khalani pansi ndi aliyense mulembe pepala loti pa nyimbo iyi producer akutenga maperesenti angati, woimba angati, onse asayine. Kenako mukailembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, kuti ikamaseweredwa pa wailesi ndalama zizidziwa kopita.

Ineyo zinandionekera. Tinajambula nyimbo 10 mu kastudio ka chipinda chimodzi ku Ndirande, matiresi titaimika kukhoma kuti mawu asamabwerere, ma verse ena akubwera pa WhatsApp kuchokera ku Joni, tonse tikudyera mbale imodzi ngati pachibale. Nyimbo imodzi itagunda m'maminibasi ndi m'mabala, mnyamata amene anaimba chorus anayamba kunena kuti ndi yake yekha, mpaka lero sitiyankhulana ndipo zimandiwawa chifukwa mawu ake ndi amene ananyamuladi nyimboyo.

Zoti anthu ailandira bwanji album yanuyo, musaponye nyimbo zonse kamodzi, tulutsani imodzi kaye mumve mmene ikuyendera. Ndipo ngati woimba wina ali kale pa contract ndi label (kampani yotulutsa nyimbo), pezani loya aiwerenge musanaike mawu ake pa album.