Kodi kuwotcha stator pamoto kumakonza chitsulo chake?

Bambo wina amene amawayinda mamota wanditumizira imelo yokhudza stator, gawo la mota losazungulira lomwe mumakhala mawaya. Akuti: "Pochotsa mawaya opsa ndimaika stator pamoto. Ndamva kuti kufakitale nakonso amawotcha chitsulochi kuti chizigwira bwino ntchito. Ndiye ine ndikulakwitsa pati?"

Bambo, kuwotcha kwa kufakitale ndi kwanuko n'kosiyana kutali.

Chitsulo cha mu stator si chibuma chimodzi ayi. Ndi timalata topyapyala tosanjikizana, kawirikawiri ta mamilimita 0.35 mpaka 0.5, ndipo mumakhala silikoni wofika pafupifupi 3 peresenti, nzeru imene Robert Hadfield wa ku England anatulukira cha m'ma 1900. Pamagetsi a 50 Hz, monga a m'nyumba zathu, mphamvu ya maginito imatembenuka ka 100 pasekondi, choncho chitsulocho chiyenera kuilandira msanga n'kuitayanso msanga. Chikamakanika, magetsi amangothera kutentha.

Vuto limayambira podula. Makina odula timalatati amafinya m'mphepete mwake, makamaka m'mano a stator momwe mumakulungidwa mawaya, ndipo pofinyikapo maginito amadutsa movutikira. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amachita annealing: amatiika mu ng'anjo pamadigiri 750 mpaka 800 kwa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, mumpweya wopanda okosijeni monga nayitirojeni, kenaka n'kutisiya tizizire pang'onopang'ono. Chitsulo chosakaniza ndi kobalti, monga Permendur wa m'mamota ndi majenereta a ndege, ndiye chovuta zedi. Ng'anjo ikapyola muyezo, ndalama zalowa m'madzi.

Moto wanuwo ulibe muyezo, okosijeni ali mbwee, ndipo umatentha mbali imodzi kuposa inzake. Koma choopsa kwambiri ndi ichi: kalata kalikonse kali ndi utoto wopyapyala wotchinga magetsi kuti asadumphire pa kanzake. Akatswiri owayinda amalangiza kuti pochotsa mawaya chitsulo chisapitirire madigiri pafupifupi 370, pomwe lawi la nkhuni kapena la gasi limapyola pamenepo kutali. Utotowo ukapsa timalata timagundana, magetsi amayamba kuzungulira m'chitsulo mwenimwenimo, mota n'kumatentha ngakhale isakukoka kanthu. Mwini wake akabwera nayonso itapsa, amati munaika waya wabodza.

Ine ndikanakhala inu ndikanadula mitu ya makoyilo mbali imodzi, n'kufewetsa vanishi mu uvuni wokhala ndi choyezera kutentha, kenaka n'kusolola mawaya mbali inayo. Mano akapindika musawamenye ndi hamala kapena kuwapala ndi fayilo, chifukwa mumawafinyanso n'kulumikiza timalata. Musanaike waya watsopano, kulungani chingwe kangapo podutsa pakati pa stator, mulowetse magetsi a AC (osinthasintha mbali, monga a m'nyumba) oyezedwa bwino, muone ngati pali malo otentha kuposa anzake. Mukawapeza, muuzeni mwini mota asanalipire za kopa.