Makoswe Oweta Akakana Kugona Khola Limodzi

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wazaka 13 amaweta khoswe woyera wamwamuna amene wakhala naye kwa chaka chathunthu. Poyamba analipo awiri, koma mnzake anafa mwezi wa Juni, ndipo kuchokera pamenepo wotsalayo ankangobindikira m'kabokosi kake, osasewera ngati kale. Tinamugulira mnzake wamwamuna wa miyezi 5, ndipo titafika naye madzulo tinangomulowetsa m'khola. Pasanathe mphindi 10 ndewu inabuka. Watsopanoyo anang'ambidwa pamsana pafupi ndi mchira, ndipo mwana wanga analumidwa chala poleretsa. Pano aliyense ali m'khola lake. Apongozi anga akuti khoswe ndi khoswe basi, tingowataya kudzala. Kodi angadzagwirizane, kapena ndalama zathu zinangolowa m'madzi?

Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Amayi, tiyambe ndi chala cha mwana. Bala la khoswe, ngakhale woweta, liyenera kutsukidwa bwino ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati m'masiku akubwerawa mwanayo atentha thupi, atuluka totupa pakhungu kapena adandaula kuphwanya m'mfundo, mupite naye kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala kuti analumidwa ndi khoswe, chifukwa matenda obwera ndi bala lotere amafanana ndi malungo, pamene mankhwala ake ndi ena.

Simunalakwe kumufunira mnzake. Makoswe oweta ndi a mtundu wotchedwa Rattus norvegicus, omwe mwachibadwa amakhala m'magulu, kugona mopanikizana ndi kunyambitana ubweya, ndipo kubindikira kumene munaona mnzake atafa n'chizindikiro chodziwika cha khoswe wosungulumwa. Chimene chinalakwika ndi malo amene munawakumanitsira. Khoswe saona patali, dziko lake amalidziwa ndi mphuno, ndipo kulikonse kumene ayenda amasiya timadontho ta mkodzo tonena kuti kuno nkwathu. Khola limene woyerayo wakhalamo chaka chonse ladzaza fungo lake kuyambira pa waya mpaka pa mbale. Mlendoyo anangoponyedwa m'nyumba ya eni, usiku, nthawi imene makoswe amakhala maso, popanda kothawira. Bala lapamsana pafupi ndi mchira likuchitira umboni zomwezo, pakuti pamenepo ndi pamene mwini malo amaluma mlendo wotembenuka kuti athawe.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti mwakumana ndi mkangano wovuta kuposa yonse, wa aamuna awiri okhwima osadziwana. Ukali wa khoswe wamwamuna umakwera kwambiri pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo watsopanoyo akulowa kumene mumsinkhu umenewo. Zikanaphweka mukanabweretsa tiana tiwiri tatimuna ta masabata 6 mpaka 10, chifukwa wamkulu saona mwana ngati wolimbirana naye ufumu, komanso tiwirito tikanamasewera tokha mdalayo akatopa. Kamwana kosakwana masabata 6 sikaikidwa kwa wamkulu wachilendo, angathe kukapha. Koma poti uyu muli naye kale, tigwire ntchito ndi amene alipo.

Musafulumire kuwakumanitsanso. Bala lipole kaye, ndipo masabata awiri kapena atatu amenewo akhalenso nthawi yoonetsetsa ngati mlendoyo sanabwere ndi matenda, chinthu chimene chinayenera kuchitika asanaonane n'komwe. Mumvetsere ngati akuyetsemula pafupipafupi kapena kupuma mokokoma, ndipo muyang'ane nsabwe ndi nkhanambo m'khosi ndi m'mapewa. Mukaona zofiira m'maso ndi pamphuno musaganize kuti ndi magazi. Ndi madzi ofiira otuluka kuseri kwa diso, amene amachuluka khoswe akadwala kapena akakhala ndi mantha. Makola awiriwo atalikirane moti mchira kapena phazi lisafike kwa mnzake, poti makoswe amalumana zala podutsa pa waya.

Nthawi ikakwana, akumanire pamalo amene sali a aliyense. Bafa louma loyalamo thaulo ndi labwino, ndipo ngati mulibe, beseni lalikulu lakuya lochapira limagwira ntchito yomweyo. Musaikemo kabokosi kapena chilichonse chimene mmodzi angachitenge ngati chake. Chakudya muchimwaze, osati kuchiika m'mbale imodzi. Muchite izi masana, pamene ali ndi tulo, kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo mubwereze tsiku ndi tsiku mukutalikitsa nthawi, popeza kudumphitsa masiku kumachititsa kuti nthawi iliyonse ayambirenso poyamba. Alipo oweta ena amene amayambira m'kabokosi kakang'ono konyamulira ziweto, pofuna kuti pasakhale mpata wothamangitsana mpaka onse atatopa n'kugona pamodzi. Njira imeneyi imathandiza, koma kwa awiri amene anakhetsana kale magazi ine ndingayambire m'bafa, mmene muli malo oti muwalekanitse msanga.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, osati chifukwa cha makoswe, koma chifukwa cha mtima wachifundo. Makoswe sangakhale pamodzi asanadziwe kuti wamkulu ndani, ndipo mmene amakambirana nkhaniyi sizikoma kuonerera. Adzanunkhizana kumbuyo, adzaimirira ndi miyendo iwiri n'kumakankhana ndi manja ngati ankhonya, mmodzi adzagwetsa mnzake chagada n'kumukhalira pachifuwa, kenaka n'kumunyambita m'khosi mwankhanza wapansiyo akulira mokuwa. Zonsezi n'zololeka. Wapansiyo akangoti zii osalimbana, ndiye kuti wavomera, ndipo mukamutola nthawi imeneyo mwasokoneza mlandu umene unatsala pang'ono kutha, mawa udzayambiranso. Kulira kokha sikutanthauza kuvulala. Makoswe ena amalira asanakhudzidwe n'komwe. Ndipotu zambiri zimene amauzana ife sitizimva, chifukwa khutu la munthu limalekezera pafupifupi pa 20 kHz (kHz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu, osati kukula kwake), pamene khoswe wamantha amalira cha pa 22 kHz ndipo wosangalala cha pa 50 kHz.

Zoyenera kukuchititsani mantha ndi zina. Khoswe akaimika ubweya thupi lonse n'kuoneka wonenepa kawiri, akapinda msana, akamayandikira mnzake chammbali uku akumukankha ndi thako, akamagwedeza mchira pansi ngati njoka, dziwani kuti kuluma kuli pafupi. Pamenepo lowetsani katoni yolimba pakati pawo. Akagwirana n'kukhala mpira umodzi wogubuduka, aponyereni thaulo lochindikala n'kuwalekanitsa nalo, osati ndi dzanja, chifukwa khoswe ali pandewu sazindikira mbuyake. Ntchito imeneyi muigwire ndinu kapena bambo ake, mwanayo azingoonerera. Magazi akatuluka, bwererani sitepe imodzi m'mbuyo n'kudikira masiku angapo.

Mukadzawaona atagona mounjikana kwa maola angapo, masiku otsatizana, ndiye nthawi ya khola yafika. Litsukeni lonse ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, mutsirize ndi viniga wosungunula m'madzi, mutaye matabwa ndi nsalu zakale zimene zinamwa mkodzo, ndipo ngati nkotheka mulisunthire pangodya ina ya nyumba. Alowemo onse nthawi imodzi, khola lili lopanda kanthu kupatula zoyala pansi ndi mabotolo awiri a madzi otalikirana. Katundu wina mubwezere chimodzichimodzi pakapita masiku, ndipo kabokosi kalikonse kogonamo kakhale ndi makomo awiri kuti wina asatsekerezedwe. Zonsezi zingatenge sabata imodzi, zingatengenso mwezi wathunthu.

Ngati mwayesa kangapo koma woyerayo akungofuna magazi, njira yotsala ndi kumuthena. Ukali umatsika pang'onopang'ono m'masabata 4 mpaka 8, choncho musayembekezere kusintha m'mawa mwake. Funsani dokotala wa ziweto amene anagwirapo tinyama ting'onoting'ono. Kusukulu ya zaumoyo wa ziweto ya University of Zambia, pamsewu wa Great East, n'kumodzi kumene mungayambire kufunsa. Khoswe sasanza, motero samanidwa chakudya usiku wonse asanachitidwe opaleshoni monga amachitira agalu. Alipo ochepa amene amakana mnzawo mpaka kufa, ndipo wotereyu amakhala m'khola lake, mwana wanu n'kumamupatsa nthawi yochuluka tsiku lililonse. Zikatero, watsopanoyo ndiye adzafunika mnzake.

Apongozi anu muwamvetse, pakuti khoswe amene iwo amamudziwa ndi wodya chimanga m'nkhokwe ndi kuboola matumba. Muwafotokozere mwaulemu kuti awa akhala akuwetedwa kuyambira zaka za m'ma 1800 ku England, ndipo kuwataya kudzala n'kuwapereka kwa amphaka, popeza khoswe woyera wobadwira m'khola sadziwa kubisala. Muwauzenso kuti ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa ndi chifuwa chachikulu.

FUNSO: Alangizi, ndinagula makoswe awiri, wogulitsa n'kunditsimikizira kuti onse ndi aakazi. Sabata yatha ndapeza tiana 11 m'khola. Kodi angakhale onse pamodzi monga banja?

Mnyamata wa ku Matero

YANKHO: Achimwene, ngati mnzake wa mayiyo ndi wamwamuna, mutulutseni lero lomwe, ngakhale kuti mwina mwachedwa kale. Khoswe wamkazi amatha kutenganso bere pasanathe tsiku limodzi chiswere, ndipo bere lake limatenga masiku 21 mpaka 23 okha, choncho muwerenge masiku kuchokera pamene anaswa ndipo mukhale okonzeka. N'zothekanso kuti onse ndi aakazidi ndipo mmodzi anabwera ndi bere kuchokera kwa wogulitsa. Muyang'ane pansi pa mchira, pakuti wamwamuna wamkulu sabisika, ndiponso alibe mawere.

Tianato timabadwa topanda ubweya, timatsegula maso pakatha pafupifupi masabata awiri, ndipo timaleka kuyamwa tikakwana masabata atatu kapena anayi. Tikafika masabata 5, tatimuna tichoke kwa mayi ndi alongo awo, chifukwa pamsinkhu umenewo tayamba kale kutha kubereka ndipo khoswe sadziwa chibale. Mudzafunika makola awiri, la aamuna ndi la aakazi. Ana aamunawo angadzakhale ndi bambo wawo akakwana masabata 6, powakumanitsa m'njira imene ndafotokozera mayi a ku Chilenje. Mukamagawira anzanu, muziwapatsa awiriawiri, aamuna okhaokha kapena aakazi okhaokha. Muyezenso waya wa khola lanu: mipata yoposa sentimita imodzi ndi theka, kamwana kamadutsa. Mayiyo muonjezereni dzira lowiritsa ndi kapenta wotsukuluza mchere pa chakudya chake, poti kuyamwitsa ana 11 kumamudya thupi.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi makoswe aakazi anayi amene akhala mwamtendere miyezi 8, koma chiyambire kutentha akukangana usiku ndipo khola likununkha ngakhale ndimalitsuka tsiku lililonse. Ndimayala utuchi wochokera kwa akalipentala, ndipo khola limakhala pakhonde.

Bambo wa ku Kalingalinga

YANKHO: Abambo, kutsuka khola lonse tsiku lililonse kukuonjezera vuto lomwe mukulimbana nalo. Mukafafaniza fungo lawo lonse, iwo amakodza mowirikiza kuti alibwezeretse, ndipo nkhani ya malo ogona ndi yodyera imayambiranso. Tsiku lililonse muzingochotsa zitosi ndi ponyowa, khola lonse muzitsuka kamodzi pasabata, ndipo muzisiyamo kansalu kamodzi kakale. Utuchi wa kwa akalipentala uleke. Wambiri ndi wa paini, umene mafuta ake ndi fumbi lake zimapsereza njira yopumira, ndipo makoswe ambiri oweta amakhala kale ndi kachilombo ka Mycoplasma pulmonis kamene kamangodikira mpata wotere. Mapepala ong'ambang'amba kapena katoni yodula tizidutswa ndi zabwino koposa.

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Lusaka kumapitirira madigiri 30, pamene khoswe amakhala bwino pakati pa 18 ndi 26. Satuluka thukuta ngati ife, kutentha amakutaya makamaka kudzera kumchira, ndipo anayi akamalimbirana ngodya imodzi yozizira mkangano sulephera. Aikireni matailosi awiri kapena atatu ogonapo m'malo osiyana, botolo la madzi oundana lokulunga m'nsalu pamene magetsi alola, ndi mbale yosaya ya madzi yoviikamo mapazi.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi khonde. Usiku makoswe a m'ngalande ndi a padenga amabwera kudzatola nyenyeswa, ndipo fungo la mlendo kunja kwa waya limakwiyitsa a m'kati mpaka kutembenukirana okhaokha. Alendo amenewa amasiya utitiri ndi mkodzo umene ungakhale ndi matenda ogwiranso anthu, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Lowetsani khola m'nyumba, pamalo opita mphepo koma osaomba dzuwa, kutali ndi utsi wa mbaula, ndipo muliike pamwamba pa tebulo. Mukalisuntha, mumugwire aliyense payekha n'kumusisita pansi pa mimba ndi m'khwapa, chifukwa makoswe aakazi akamakula amakonda kutuluka zotupa za m'mawere, ndipo amene akumva kupweteka ndiye kawirikawiri amayamba kuluma anzake.