Mwana wanga amangojambula kamalo ka pakati pa msewu

Mayi wina wa ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu, wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Kope lake ladzaza ndi zojambula za kamalo kaudzu kali pakati pa msewu, pafupi ndi pokwerera minibasi. Akuti akufuna kadzakonzedwe kuti anthu azipumapo. Ine ndimafuna adzakhale namwino. Kodi zimenezi n'kudyerapo?"

Mayi, musamulande kopelo. Zimene akuchitazo ndi zomwe ophunzira za mapulani a mizinda amapatsidwa m'kalasi: kutenga kamalo kakang'ono konyalanyazidwa n'kulingalira momwe kangathandizire anthu. Ndi kakang'ono, koma zonse zili momwemo: galimoto, oyenda pansi, madzi a mvula, malonda, ndi malamulo a mwini malo.

Komabe mumuuze kuti ayambe wasiya kaye pensulo. Apite akaime pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo, awerenge anthu owoloka. Aone kanjira kamene mapazi apanga pa udzu, pomwe dothi lofiira laonekera, chifukwa kanjirako kakumuuza kumene anthu akufuna kudutsa. Afunse a sacramento, anyamata a kabaza wa njinga, chifukwa chake amaima mbali iyi osati inayo. Afunse mayi wogulitsa nthochi kuti dzuwa likaswa mtengo amathawira kuti. Ndipo abwererenso mvula ikagwa, pakuti mvula ya ku Mzuzu kuno mukuidziwa. Pulani yoiwala ngalande imakokoloka chaka chomwecho.

Akatero adzaona yekha kuti si malo onse oyenera mipando. Pakati penipeni pa raundabauti ngati ya pa Katoto si pokhala anthu, chifukwa kuti munthu afikepo ayenera kudula galimoto zozungulira. Pamenepo pamafunika udzu waufupi ndi maluwa osatchinga maso a dalaivala. Tizilumba ta m'mbali, pomwe woyenda pansi amaima kudikira kuti amalize kuwoloka, ndi timene tingasanduke malo abwino: potsetsereka kuti njinga ya olumala ikwere, nyali, mthunzi. Ine wophunzira wobwera ndi chithunzi chokongola sandigometsa ngati uja wotha kunena kuti "apa ayi, pangafe munthu."

Ntchito yotere siyamba ndi ndalama zambiri. Mu 2009 mzinda wa New York ku America unatseka mbali ina ya msewu wa Broadway pa Times Square, n'kuikapo mipando wamba yopinda kuti aone ngati anthu angakhalepo. Anakhalapo, ndipo zomanga zokhazikika zinabwera pambuyo.

Za sukulu, safunika kupita kutali. Ku Mzuni, ku Luwinga komweku, amaphunzitsa Town and Regional Planning, omwe ndi maphunziro a mapulani a mizinda ndi madera. Ngati mtima wake uli pa kujambula nyumba, Architecture ili ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, komwenso kuli Civil Engineering kwa ofuna kumanga misewu yeniyeniyo. Alimbikire Masamu, Chingerezi, Geography ndi Physics, ndipo NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ikatulutsa chidziwitso cha masankho a ku yunivesite za boma, muwerengere limodzi zofunika pa kosi iliyonse.

Ndisakunamizeni, mayi: malo a ntchito imeneyi sapezeka chisawawa. Amalembedwa m'makhonsolo, ku unduna wa za malo, ndi m'makampani ojambula mapulani, ndipo amene amatsogola ndi odziwa kompyuta. QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere pa intaneti. Akangomaliza mayeso ayambe kuigwiragwira.

Pakadali pano mayeso a MSCE ndiwo ali pakhomo. Gwirizanani kuti mkati mwa sabata ndi mabuku, kope lija ndi la Loweruka. Loweruka loyambalo mupite naye pamalopo, inu muziwerenga owoloka, iye azilemba.